Mpando Umene Ukukumbukira Miyendo ya Bwana

Kwa Bwana Mkulu wa Nthambi Yoona za Chitetezo ndi Kupewa Ngozi,
Ofesi ya pamwamba, chitseko chokhala ndi kapeti pakhomo.

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwada pansi, ngakhale anzanga amati ine kugwada ndi kuimirira sizisiyana kwenikweni. Ndine dalaivala wanu wamfupi uja, amene pakampani pano amanditcha Pilo. Dzina langa lenileni musavutike nalo. Mwakhala kumbuyo kwanga zaka zisanu ndi chimodzi mukundiitana kuti “iwe”, ndipo ndakhala ndikuyankha bwinobwino.

Mundikhululukire kuti kalatayi ndaimata pa bolodi ya m'kantini m'malo moibweretsa ku ofesi kwanu. Ndinayesa, Bwana. Asekilitale anu anandiuza mwaulemu kuti makalata a madalaivala amaponyedwa m'bokosi la madandaulo, ndipo amayi okolopa anandinong'oneza kuti kiyi wa bokosilo anatayika chaka chimene inu munakwezedwa pa udindo. Choncho ndaona kuti ndilembe poyera, kuti aliyense wobwera kudzamwa tiyi aone mmene ndikukuyamikirirani.

Lachisanu likubwerali, 9 koloko m'mawa, ndikaonekera pamaso pa komiti ya chilango, imene wapampando wake ndinu. Mlandu wanga ndi wakuti masabata atatu apitawo ndinagunda chikwangwani cha pageti ndi galimoto yatsopano chifukwa ndinkasewera ndi mabatani a m'kati mwake. Akandipeza wolakwa, ntchito yatha. Ndagwira pano zaka 24 osaphwanya ngakhale galasi la m'mbali, ndipo zanditsalira ziwiri zokha kuti ndipume. Sindikubisirani, Bwana, ndikuchita mantha. Palibe amene angalembe ntchito dalaivala wa zaka 58 wonyamula kalata yonena kuti amasewera ndi mabatani. Koma mantha sangandiiwalitse ulemu, n'chifukwa chake ndandandalika zabwino zonse zimene mwandichitira.

1. Choyamba ndikuthokozeni chifukwa cha galimoto yatsopano ija. Ine ndinaphunzirira pa magalimoto amene zenera lake unkachita kupukusa ndi dzanja, mpando wake unali ndi kachitsulo pansi, ukakakoka n'kukankha ndi matako, ukangomva kuti khwa! basi, wakhazikika mpaka upume pa ntchito. Iyi ndi nkhani ina. Mabatani alimo ambiri kuposa a pa mayunifolomu a alonda onse a pakampani pano. Lina ndi lotenthetsa mpando, lina loziziritsa mpweya, lina lotsegula denga, lina lounikira mapazi ndi kuwala kwa buluu, kuti munthu aziona nsapato zake pa ulendo. Buleki ya pamanja, imene kale inali ndodo yoti ukaigwira umadziwa kuti wagwira kanthu, tsopano ndi kabatani konga chikhadabo. Anakaika moyandikana ndi ka chotenthetsera mpando wa wokwera, tonse takuda, tonse tosalala.

Koma chodabwitsa koposa ndi mpando wa dalaivala, umene uli ndi nzeru zokumbukira munthu. Pa kasikirini ka pakati pali mayina awiri, BWANA ndi DALAIVALA. Munthu akadina dzina lake, mpando umasuntha wokha kufika pa muyeso wa miyendo yake, magalasi amatembenuka, wailesi imapita pa nyimbo zake, foni yake n'kulumikizika. Mulungu anakupatsani miyendo mosaumira, Bwana, ine anandipatsa zotsala, motero pakati pa mayina awiriwa mpando umayenda ulendo ndithu. Ndikudziwa kuti inu simuyendetsa galimoto ya kampani Loweruka ndi Lamlungu, popeza lamulo limaletsa, ndipo lamulolo munalemba ndinu. Dzina lanu linangolowamo lokha, monga mmene mumalowera mchenga ndi timapepala ta maswiti timene ndimasesa Lolemba lililonse.

2. Ndikuthokozeninso chifukwa cha chikalata chanu cha malamulo 14, chija cha mutu wakuti Kagwiritsidwe Ntchito Kosamala ka Zipangizo za M'kati mwa Galimoto. Malamulowo ndi abwino, sindikunyoza. Inenso madalaivala atsopano ndimawauza zomwezo, kuti mpando, magalasi, mpweya ndi wailesi uzikonza usananyamuke, ukanyamuka manja pa chiwongolero, maso pa msewu. Ndinangoona kuti lamulo lililonse likuyamba ndi mawu amodzimodzi. Dalaivala asachotse lamba. Dalaivala asakhudze kasikirini galimoto ikuyenda. Dalaivala asasinthe mpando galimoto ikuyenda. Dalaivala asatsutse wokwera kapena kumugwira dzanja. Ndinatembenuza pepala kuti mwina kuseri kuli lamulo lonena za zala za wokwera. Kuseriko ndinapeza chithunzi chanu mukumwetulira, mutavala chipewa cholimba cha omanga nyumba, muli mu ofesi.

3. Chachitatu ndi nkhani ya pilo. Anzanga ongobwera kumene mwina sakudziwa kuti dzina langali linachokera pa pilo amene ndinkatsamira kumsana poyendetsa, kuti mapazi azifika bwino pansi. Anandisokera ndi mayi a kunyumba, amene ndi telala, ndi nsalu yotsala ya suti ya munthu wina amene sanabwere kudzaitenga. Pilo ameneyo anayenda nane zaka 19, ndipo ananyamula mabwana anayi inu musanabwere. Lamulo lanu la nambala 7 litaletsa zinthu zosavomerezeka m'galimoto, munabwera nokha kudzamutulutsa. Munamunyamula ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa, anzanga onse akuona, n'kufotokoza kuti mpando wamakono sufuna thandizo la nsanza. Zinandipweteka, Bwana, koma ndinaseka nawo chifukwa inu munaseka.

Ndamva kwa amayi okolopa aja kuti piloyo tsopano ali pa mpando wa mu ofesi yanu. Ndasangalala kwambiri kuti msana wanu wayamba kupezako bwino.

4. Sindingaiwale maphunziro a masiku atatu amene munakonza ku hotela, ophunzitsa anthu kugwiritsa ntchito zipangizozi mosamala. Munaitana mabwana 22. Ife madalaivala tinapitanso, chifukwa mabwanawo sakanafika wapansi. Tinaphunzirira panja poimika magalimoto, padzuwa, mazenera otsegula, popeza lamulo la nambala 11 limaletsa kuyatsa choziziritsa mpweya m'galimoto mulibe bwana. Kudzera pa zenera la holo tinkaona mphunzitsi akujambula galimoto pa bolodi, inu mukugwedeza mitu, operekera zakudya akulowa ndi kutuluka. Mnzanga wina, amene timamutcha Giya chifukwa sayamba kulankhula asanakhosomole kawiri, anati mwina mabwana akamaliza adzatiuzako zimene amva. Tinamuseka, koma ankanena zoona. Inu munandionetsadi zimene munaphunzira, tsiku lomwelo lomaliza.

5. Apa ndipempha mundilole nditalikitseko, chifukwa lipoti lanu linafupikitsa kwambiri.

Linali Lachiwiri, cha m'ma 3 koloko masana. Munatuluka mu hotela muli ndi satifiketi m'manja, ndipo kwa nthawi yoyamba pa zaka zisanu ndi chimodzi munakhala kutsogolo, pambali panga. Munati mukufuna kuona zinthu ndi maso atsopano. Ndinamva kukoma mumtima, ndinaganiza kuti mwina lero mundifunsa dzina. Panjira munatsegula denga n'kulitseka. Munayatsa kuwala kwa buluu, n'kukusintha kukhala kofiira. Munatembenuzira mphepo yonse kumaso kwanga, kenako kumapazi kwanga. Ine ndinangoyendetsabe, maso pa msewu, potsatira lamulo la nambala 12 loletsa kutsutsa wokwera.

Mukudziwa kuti msewu wolowera pageti pathu ndi wotsetsereka pang'ono. Ndinali nditaponda buleki, galimoto ikuyenda ngati munthu wapansi, alonda athu a pageti, bambo achikulire aja, akudzuka pa kampando kawo kuti atitsegulire. Nthawi imeneyo foni yanu inali ikukana kulumikizika ndi wailesi, ndipo munali mukuitukwana motsitsa mawu. Kenako ndinaona chala chachitali chikuwoloka kupita pa kasikirini, n'kudina pamene palembedwa kuti BWANA. Sindikunena kuti chinali cha ndani. M'galimotomo tinalimo awiri, ndipo zanga zonse khumi zinali pa chiwongolero.

Mpando unamvera. Unayamba ulendo wobwerera m'mbuyo, pang'onopang'ono, mwaulemu, ukulira ngati njuchi. Chiwongolero chinanditsanzika. Phazi langa linachoka pa buleki, poyamba chidendene, kenako zala, mpaka nsapato inangotsala ikupalasa mphepo. Ndinafuna kutsetsereka kuti ndiifikire, koma lamba anandigwira pachifuwa monga mmene lamulo loyamba limafunira. Pilo uja akanakhala kumsana kwanga, nsonga ya nsapato ikanafika, koma iye anali pa ntchito ina yofunika kwambiri. Ndinaponya dzanja pansi kufuna buleki ya pamanja, maso ali pa alonda, ndipo ndinadina kabatani. Ndikuvomereza pamaso pa onse owerenga kalatayi kuti batani limodzi ndinadinadi. Linali la chotenthetsera mpando wanu.

Alonda aja, bambo a zidzukulu, analumphira m'ngalande. Kampando kawo ndi fulasiki yawo ya tiyi zinalowa pansi pa tayala. Galimoto inakaima pa chikwangwani chanu chachikulu chija, chimene tsiku limenelo chinali kunena kuti MASIKU 999 POPANDA NGOZI. Chinawerama pang'onopang'ono n'kugona pa boneti. Akuluakulu amati chala chimodzi sichiswa nsabwe, koma ine ndaona ndi maso anga chala chimodzi chikugwetsa chikwangwani cha zitsulo.

Chosangalatsa n'chakuti foni yanu inalumikizika. Nyimbo yanu inayamba kulira titangogunda, ndipo inalira mpaka amakaniko atabwera kudzachotsa waya wa batire, poopa kuti pangabuke moto. Inu munakhalabe m'galimotomo kwa kanthawi mukuimba mafoni, ndipo munatuluka mukudzikupiza kumbuyo ndi satifiketi. Pa chimenecho chokha ndikupepesa ndi mtima wonse.

6. Lipoti lanu ndaliwerenga kanayi, ndipo nthawi iliyonse ndimagoma nalo. Likuti dalaivala anasokonezeka ndi zipangizo za m'kati, zimene ndi zoona. Likuti dalaivala anadina batani losayenera, zimenenso ndi zoona. Likuti Mkulu wa Chitetezo anafika pamalopo mwamsanga, ndipo apa palibe angatsutse, chifukwa munafika limodzi ndi bampala. Bodza mulibe ngakhale limodzi, mwangosowa chala chimodzi basi.

Alonda aja ali kunyumba, bondo lili m'chikhakha. Ndinapita kukawazonda. Anandiuza, maso ali pansi, kuti anthu a ku ofesi kwanu anawabweretsera pepala lonena kuti anaterereka okha ndipo sanaone kanthu, ndipo anasaina. Sindikuwaimba mlandu. Iwo ntchito yawo ndi ya mwezi ndi mwezi, ndipo amene amaiwonjezera ndi nthambi yanu. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, zimenezi alonda amazidziwa kuposa tonsefe. Koma atandigwira dzanja potsanzikana sanalisiye msanga, ndipo ine ndinatuluka m'nyumbamo ndili ndi mkwiyo umene sindinaumvepo pa zaka zonse ndagwira ntchito pano.

Ndiyamikirenso kuti mwambo wa masiku 1,000 sunalephereke. Owotcherera anadzutsa chikwangwani madzulo omwewo, ndipo m'mawa mwake Lachitatu munaima pansi pake, munadula keke, n'kulankhula za chikhalidwe cha kusamala. Munafotokozera alendo kuti zimene zinachitika dzulo lake sinali ngozi, kunali kusasamala kwa munthu mmodzi, ndipo kusasamala sikuwerengedwa pa chikwangwani. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinamvera mawu anu ndili kunja kwa mpanda, chifukwa kalata yondiimitsa inali itandipeza kale 8 koloko. Kale ankati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Pakampani pano mwakonza bwino zinthu, amadya ndi wamkulu, mimba n'kupota wamng'ono.

7. Chomaliza, ndipo ichi ndikuthokoza mosanyengezera. Tsiku la ngozi lomwelo, anthu onse akuona, munalamula kuti galimoto ikokeredwe kuseri kwa sitolo, izungulidwe ndi chingwe chachikasu, ndipo munthu asaikhudze mpaka komiti itamaliza ntchito yake. Munati umboni suseweretsedwa. Makiyi munaika m'thumba lanu. Mawu amenewo, Bwana, anali anzeru kuposa mmene munkaganizira.

Sabata yatha ndinapita kukafunsa amakaniko ngati galimotoyo idzakonzeka. Anandiuza kuti bampala ndi nkhani yaing'ono. Kenako anandikumbutsa kuti chichotsereni waya wa batire pageti paja, m'galimotomo mulibe chimene chasuntha, chifukwa mpando wamakono sugwedezeka popanda magetsi. Ndinakasuzumira pa zenera, manja ali kumbuyo, chingwe osachikhudza. Mpando uli pomwe unathera ulendo wake, kumbuyo kwenikweni, wagonekedwa pang'ono, ukudikira munthu wamtali. Inu ndi ntchito zambiri, ndi zomveka kuti zina mumaiwala. Mpandowu ulibe ntchito ina, umangokumbukira.

Ndinawafotokozera mayi a kunyumba zimenezi. Anamaliza kaye mpendero umene ankasoka, analuma ulusi, n'kundiuza kuti kasitomala akamakana kuti sananenepe, telala sakangana naye, amangotulutsa tepi. Anandiimika pakhoma n'kundiyeza kuyambira m'chiuno mpaka ku chidendene, kawiri, kuti pasakhale kukayika. Nambala yake ailemba pa kapepala, ndipo akuti Lachisanu abwera nayo tepiyo, akhala panja pa benchi, ngati komiti ingaifune.

Tsono ndamva kuti ofesi yanu yatumiza uthenga kwa amakaniko kuti Lachinayi akalumikize batire, akuti pofuna kuona ngati wailesi sinawonongeke. Ndikumvetsa nkhawa yanu pa wailesi. Koma amakanikowo akuti batire ikangolumikizidwa, munthu atha kudina dzina lina pa kasikirini, mpando n'kubwerera kutsogolo ngati sunachokepo. Sindikuganizira aliyense zoipa. Ndangoona kuti ndi bwino anthu onse a m'kantini muno adziwe lero pamene mpandowo uli, kuti Lachisanu asadzadabwe akaupeza pena.

Pempho langa ndi laling'ono ngati mwini wake. Wailesi idikire tsiku limodzi. Lachisanu komiti ikakhala pansi, isanatsegule mafayilo, ndikupempha kuti idzuke, itsike masitepe, iyende pang'ono kukafika kuseri kwa sitolo. Inu mudzamasule chingwe chachikasu ndi manja anu, mudzatsegule chitseko ndi makiyi amene mwawasunga bwino chonchi. Ine ndidzalowe poyamba, ndidzamange lamba monga mwa lamulo loyamba, ndidzatambasule mwendo mpaka msempha ulire. Nsapato yanga ikakhudza buleki, musadzavutike ndi kundichotsa ntchito, kalata yosiya ndidzalemba ndekha pa boneti pomwepo.

Ikapanda kukhudza, komiti idzafuna kudziwa kuti munthu amene phazi lake silifika pa buleki anayendetsa bwanji galimoto kuchokera ku hotela mpaka pageti, ndi kuti mpandowo unasuntha nthawi yanji, ndi pa muyeso wa ndani. Pamenepo ndidzatsika, ndidzakugwirirani chitseko monga ndakhala ndikuchitira zaka zonsezi, ndipo ndidzakupemphani mwaulemu kuti mukhalepo inu, Bwana, kamphindi kokha. Musadzade nkhawa ndi kutentha, chotenthetsera chija sichigwira popanda batire.

Ndipo mukamatsika masitepe kuchokera ku ofesi kwanu Lachisanulo, chonde mudzanyamulenso pilo wanga. Kaya zinthu zidzatha bwanji, mmodzi wa ife adzafuna potsamira.

Ine wanu wofupika pa zonse,

Pilo
Dalaivala, pakadali pano mpaka Lachisanu